Mkazi wa pa Tepi ya Amuna Anga

1

Ine si munthu wofulumira kuweruza. Sekondale ndinaimaliza kusukulu yamadzulo, masana ndikutumbula nsomba kufakitale ya ku Moji, tauni yathu ya padoko, ndipo aphunzitsi athu sankalola munthu kuyankha funso asanamalize kuliwerenga. Khalidwe limenelo ndakalamba nalo. Choncho mukaona kuti ndinachedwa kuzindikira zimene inu muzindikire msanga, musandiseke kwambiri.

Dzina langa ndine Sumie. Amuna anga, a Genzo, amakonza mapaipi a madzi, koma ali mnyamata ankaimba ng'oma m'gulu lotchedwa Tekkyo. Ngati simunalimvepo musadandaule. Anatulutsa zimbale zitatu basi, kenako aliyense anakafuna ntchito yodyetsa ana.

Tili ndi mwana mmodzi, Ryosei. Chaka chatha anatiuza kuti wapeza mkazi, Chinatsu, mwana wa wansembe wa kachisi wa paphiri. Mtsikana wabwino, wa phwete losabisa. Mabanja awiri tinakumana kumalo odyera kuti tidziwane. Ansembe anali munthu wanthabwala, koma akazi awo, mayi Tatsuko, anakhala tsonga ngati mzati m'kimono yotuwa, chovala chathu chachikhalidwe, mawu akutuluka amodziamodzi ngati akuwagula. Amuna anga, amene pakamwa pawo sipatsekeka, tsiku limenelo anangoti zii. Timitengo todyera tinawagwa m'manja kawiri.

"Mwatani kodi, bambo?" ndinawafunsa tili panjira.

"Mawondo. Kugwada pamphasa nthawi yonse ija si masewera."

Pasanathe sabata yankho linabwera kudzera kwa Chinatsu, akulira pafoni. Mayi ake akuti banja la kukachisi silingalumikizane ndi banja la oimba za m'mabala. Ansembe, monga amuna ambiri anthabwala, kunyumba kwawo alibe mawu.

Ryosei anasiya kudya bwino. Malaya anayamba kumukulira. Mwana wanga wa zaka zoposa makumi atatu ankangoyang'ana mpunga m'mbale mpaka kuzizira.

2

Tili m'kati mwa zimenezo, kunabwera bambo wina wa kukampani ya nyimbo ku Tokyo, a Isogai. Akuti achinyamata ayamba kufukula nyimbo zakale, ndipo kampani ikufuna kutulutsanso zonse za Tekkyo m'bokosi limodzi lokongola. Msonkhano unachitikira m'sitolo yogulitsa udon, chakudya chonga sipageti ya mumsuzi, ya a Hachiro, amene anali woimba wamkulu wa gululo. Ine ndinapita nawo chifukwa chidindo cha dzina la amuna anga, chimene kuno timadinda m'malo mosaina, ndimasunga ndine. Iwo angachitaye tsiku lomwelo.

"Nkhani yabwino ndi iyi," anatero a Isogai, maso akuwala kuseri kwa magalasi. "M'nyumba ya malemu amene ankakujambulani tapezamo matepi osatulutsidwa. Nyimbo zisanu ndi imodzi za mu 1984, zimene munaimba ndi mkazi wina wakunja. Pachikuto pangolembedwa kuti Rumi. Mabwana, zimenezi ndi golide."

"Rumi!" A Hachiro anamenya tebulo ndi chipande. "Ikanimo! Mtsikana ameneyo akatsegula pakamwa, ine ndinkafuna kubisala pansi pa piyano."

A Munakata, a gitala, amene moyo wawo wonse ayendetsa takisi ndi nkhope ya kumaliro, anapukusa mutu. "Tekkyo ndi anthu anayi. Mukaikamo mlendo lero, mawa muikamonso galu uja ankauwa kuseri kwa situdiyo."

"Galu ameneyo ankalondola nyimbo kuposa gitala yako, aise."

"Zimene sitinatulutse, tinali ndi chifukwa. Munthu sayanika zovala zam'kati pamsewu chifukwa choti zakhalitsa."

"Zako ndiye usayanikedi, ungatithawitsire makasitomala."

Anakangana mpaka msuzi kuphwera, koma pamapeto a Munakata anadinda, akung'ung'udza kuti mdzukulu wawo akufuna kuona dzina la agogo ake pabokosi. Mkazi wa wachinayi wawo, malemu amene ankaimba gitala ya besi, anali atadinda kale. Lamulo la gululo kuyambira kale linali lakuti kanthu sikatuluka popanda zidindo zonse zinayi. Onse anatembenukira kwa amuna anga.

"Zimbale zitatu zija tulutsani," anatero a Genzo. "Za Rumi ayi."

"Chifukwa?"

"Ayi basi."

"Kodi Rumiyo anali ndani?" ndinafunsa ine.

A Hachiro anamwetulira kumbali. "Ankaimba m'kalabu ya kudoko, alamu. Dzina lake lenileni palibe ankalidziwa. Anangosowa tsiku lina, osatsanzika. Koma funsani amuna anuwa. Ndiwo ankamunyamulira ambulera."

Makutu a amuna anga anafiira ngati nkhanu yowiritsa.

3

Mawa lake masana a Isogai anafika kunyumba, a Genzo ali kuntchito. Anavula nsapato mwaulemu, nandipatsa bokosi la makeke ndi sidi yopanda chikuto.

"Mungomvetsera, mayi. Sindikupempha china." Kenako anatsitsa mawu. "Ndamva kuti chidindo chimakhala ndi inu."

"Chimakhala ndi ine, koma dzina lake si langa."

"Zoona, zoona," anatero akuwerama. Koma sidi anaisiya.

Ndinaiyika m'wailesi ndikusita. Nyimbo yoyamba isanayambe kunamveka mkazi akukhosomola pang'ono kawiri, kenako kukoka mpweya pakati pa mano, kuti sss, ngati munthu waponda madzi ozizira. Ndiye mawuwo anatuluka. Abale, ndinapsereza kolala ya malaya a Genzo. Anali mawu okhuthala, a utsi, oseka ndi kulira nthawi imodzi. Nyimbo iliyonse ankayamba chimodzimodzi: kukhosomola kawiri, sss, kenako moto.

Malemu wojambula uja anali ndi chizolowezi chimodzi: sankaimitsa tepi. Ankati zabwino zimabwera anthu akaiwala kuti akujambulidwa. Choncho pakati pa nyimbo pankamveka zonse, kutukwanizana, kutsegula mabotolo, Rumi akunena mawu oti sindingawalembe m'magazini ino. Nyimbo yomaliza itatha, ena anatuluka kukasuta. Chitseko chinatsekeka. Kenako ndinamva mawu amene ndawamva m'mawa uliwonse kwa zaka makumi anayi, koma ali aang'ono, akunjenjemera.

"Rumi. Tikwatirane."

Kenako mkaziyo anaseka mpaka kutsamwa.

"Genzo, iwe! Pang'oma umathamanga, apanso ukuthamanga? Pukuta thukuta, ukagule fodya."

Pasidipo a Isogai anali atalembapo mwezi ndi chaka. Inali nthawi ya masamba ofiira, kumapeto kwa 1984. Ine ndi a Genzo anatikumanitsa azakhali anga maluwa atangoyamba kuphuka, kumayambiriro kwa 1985. Masamu amenewo safuna sukulu yamadzulo.

Ndinazimitsa simbi, n'kuphika nsomba monga mwa nthawi zonse. Amuna anga atabwera anadya mbale ziwiri.

"Lero nsomba yakoma."

"Pukutani thukuta," ndinatero.

Anandiyang'ana, osamvetsa, napukutadi.

Ndiulule pano: dzanja langa linafika mpaka m'kabati momwe muli chidindo. Ndinaganiza kuti ndidinde, dziko lonse limve m'mene anakanidwira, aseke monga anasekera Rumi. Koma funsoli ndinali ndisanamalize kuliwerenga. Ndinatseka kabati.

4

Nkhani ya mwamuna wokalamba ikhoza kudikira, ya mwana ayi. Ryosei anali atayamba kunena zosamukira ku Nagoya kuti aiwale. Choncho ndinagula makeke a nyemba a pasitolo yodula ija, n'kuvala diresi langa lakuda, n'kukwera phiri kukapempha mayi Tatsuko ndekha. Sidi ndi kachipangizo koimbira zinali m'chikwama, chifukwa m'nyumba ndinalibe pobisa pomwe a Genzo sangafike ndi sipanala yawo.

Ndinafika msanga. Mtsikana wosesa anati amayi ali ndi gulu la azimayi, akuphunzira nyimbo za mapemphero, ndidikire pakhonde. Ndinakhala pamenepo ndikubwereza mumtima mawu amene ndinakonza. Kuseri kwa chitseko cha pepala kunkamveka timabelu tating'ono, agogo akukonza mipando, wina akudandaula msana.

"Tiyambirenso," anatero mawu ouma a mayi Tatsuko. "Ndiimba mzere woyamba, inu mutsatire."

Kukhosomola pang'ono, kawiri.

Sss.

Bokosi la makeke linatsetsereka pamiyendo panga. Mawuwo anali atawamanga lamba, atawaveka kimono yotuwa, akuyenda pang'onopang'ono ngati ali pamaliro. Koma utsi uja unali momwemo. Munthu akhoza kusintha dzina, mayendedwe, ngakhale kaseweredwe ka maso. Kapumidwe ayi.

Ndiye ndinakumbukira timitengo tija tikugwa kawiri m'manja mwa amuna anga. Mawondo! Anthu inu, amuna.

5

Mayi Tatsuko anandilandira m'chipinda chaching'ono choyang'ana kumunda. Anathira tiyi mosadontheza ngakhale kadontho. Ndinapereka makeke, anathokoza, tinakambako za mvula.

"Ngati mwabwerera za ana," anatero, "yankho langa munalimva."

"Ndinabwerera zimenezo. Koma ndakhala pakhonde nthawi yaitali, ndipo makutu anga ndi abwino." Ndinatulutsa sidi n'kuyiika pamphasa pakati pathu. "Kwabwera munthu wa ku Tokyo. Apeza matepi a Rumi."

Sanagwetse kapu. Anaikhazika pansi bwinobwino, koma nkhope inayera ngati tofu, chakudya cha soya chija.

"A Genzo akuuzani."

"Sanandiuze kanthu. Akana kudinda, ndipo akana kunena chifukwa. Anzawo akuwanena kuti ndi nkhutukumve."

Mayi Tatsuko anayang'ana kumunda. Atayankhula, mawu aja a mzati anali atatha.

"Kuno amadziwa kuti zaka zimenezo ndinkaphunzira kusoka kwa azakhali. Amuna anga amadziwa choncho, Chinatsu amadziwa choncho. Apongozi anga ali moyo, ali chipinda chachitatu kuchokera pano, ndipo mpaka lero amandiyeza m'mene ndimapindira nsanza yopukutira. Mabanja onse amene amaika maliro awo pakachisi pano amanditcha mayi. Tsiku lija nditalowa n'kuona Genzo atakhala pamenepo, dazi lili ngwee, ndinaona ukwati wonse m'maso mwanga: Hachiro ataledzera, akukuwa kuti Rumi, Rumi!" Anandiyang'ana molunjika. "Ndiye nenani mtengo wanu. Ndilole ukwati, kapena mudinda. Si choncho?"

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse, owerenga. Zimene ananenazo ndinali nditaziganiza ndili pakhonde. Zikanatheka, ndipo mwana wanga akanayambanso kudya madzulo omwewo. Koma ndinaona Chinatsu akubwera m'nyumba mwanga ngati katundu wolanda, ndi mayi ake akundiweramira pachikondwerero chilichonse ndi mantha.

"Si choncho," ndinatero. "Chidindo sichituluka m'kabati, kaya mulola kaya mukana. Anthu aja akhala akuwerengana anayi, kuiwala kuti pa tepipo pali anthu asanu. Mawuwa ndi anu. Ndabweretsa kwa mwini wake."

Anayang'ana sidiyo ngati njoka. Kenako, motsitsa kwambiri: "Sindinadzimvepo. Ndinachoka asanatiikire tepiyo kuti timvere."

Ndinatulutsa kachipangizo kaja. Mahedifoni anali amodzi, ndiye tinagawana, khutu limodzi iwo, limodzi ine, mitu itagundana ngati atsikana a sukulu m'basi. Nyimbo yoyamba anagwira pakamwa. Yachiwiri phazi lawo linayamba kugunda mphasa pansi pa kimono. Pofika pamene Rumi akutukwana a Munakata, mayi wa kukachisi anaseka mpaka misozi, akudziluma mkono kuti apongozi asamve.

Kenako chitseko chija chinatsekeka, ndipo Genzo wachinyamata anafunsira.

Anachotsa hedifoni. "Mayo. Izinso mwamva?"

"Ndikusita. Ndinapsereza kolala."

"Pepani, amayi. Palibe chinachitika, ndikulumbira. Ambulera yokha basi."

"Ndikudziwa. Koma ndiuzeni, munawakaniranji?"

"Ndinakulira m'nyumba yodontha. Ndinkafuna mwamuna wa nyumba yolimba, osati woimba ng'oma."

"Ndiye munaipeza."

"Ndinaipeza? Kachisi uyu ali ndi zaka mazana atatu. Mapaipi ake amalira usiku wonse, ndipo amuna anga sadziwa kugwira ngakhale sipanala. Wokonza mapaipi munatenga ndinu!"

Tinaseka mpaka apongozi awo aja anagogoda khoma ndi ndodo.

Pondiperekeza pachipata anali atabwerera m'kimono yawo yotuwa, nkhope ili gwa. Anawerama, ine ndinawerama. Ndiye anati, osandiyang'ana: "Munthu amene wasunga pakamwa zaka zonsezi, mwana wake sangakhale woipa. Hachiro yekhayo mumukhazike kutali ndi ine, ndipo musamupatse mowa mwambo usanathe. Muyende bwino, asewere."

Ndinatsika phiri lonse osakhudza pansi.

6

Madzulo amenewo ndinadikira a Genzo akhute.

"Ndinali kukachisi. Ndaonana ndi Rumi."

Tiyi anawatulukira m'mphuno.

Atatha kutsokomola anandiuza zonse. Rumi asanasowe anawapempha kuti asadzanene za iye kwa munthu aliyense, ndipo iwo analonjeza. Ngakhale za tepi yosaima ija ankazidziwa, ndipo ankalota nazo zoopsa.

"Ndiye ine ndinali wachiwiri," ndinatero. "Wotolera atagwa."

Anakanda dazi nthawi yaitali. Amuna anga si munthu wa mawu okoma, ndipo ndinkayembekeza bodza.

"Rumi atandikana, ndinapita kwa Hachiro n'kudya udon mbale ziwiri," anatero. "Inu munati mundiyankha mukamaliza mayeso. Mwezi wonse umenewo sindinadye. Funsani Hachiro, ankaganiza kuti ndili ndi zilonda za m'mimba."

Ndinakafunsadi. Ine sindiweruza popanda umboni. A Hachiro anati n'zoona, anachita kuwaboolera lamba bowo lina.

Bokosi la Tekkyo linatuluka ndi zimbale zitatu. A Isogai anatsala pang'ono kulira, ndipo ndamva kuti pa intaneti achinyamata akutukwana "woimba ng'oma wouma mutu" amene wabisa chuma cha dziko. A Genzo amawerenga zimenezo akumwetulira.

Ukwati unachitika masamba atafiira. A Hachiro tinawauza zoona kutatsala tsiku limodzi, a Munakata atawagwira phewa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anatseka pakamwa. Paphwando akuluakulu atatu aja anakwera pansanja kuimbira akwati. Nyimbo yomaliza a Genzo anawerengera ndi timitengo tawo, ndipo inali imodzi mwa zisanu ndi imodzi zija, yopanda woimba, zida zokhazokha. Alendo ankaganiza kuti ndi m'mene inapangidwira.

Ine ndinakhala pafupi ndi asewere anga. Anali tsonga, manja pamiyendo, maso kutsogolo. Ndiye ndinamva kukhosomola pang'ono, kawiri. Sss. Anaimba nyimbo yonse milomo isakuyenda n'komwe, motsitsa moti m'holo monse munthu amene anamva ndinali ine ndekha.

7

Owerenga anzanga, ena mwa inu mumakonda mabokosi a nyimbo zakalewa, ndipo mumakwiya mukamva kuti china chasiyidwa. Ndikukumvetsani. Nyimbo zija ndi zabwino kuposa zonse zimene Tekkyo inatulutsa, ndipo ngakhale a Munakata, atamwa pang'ono, anavomera. N'zomvetsa chisoni kuti simudzazimva msanga.

Koma mlendo amene analowa mu situdiyo madzulo amodzi ali ndi zaka makumi awiri sanalowe m'gulu. Sanalonjeze kukhala munthu yemweyo mpaka kalekale. Anatuluka, nakamanga moyo wina, ndipo pamoyo umenewo patsamira anthu. Eni gulu akhoza kudinda zidindo zawo zonse, koma pali chachisanu chimene palibe amakumbuka kukapempha. Mayina m'nkhaniyi ndasintha pachifukwa chomwecho, ndipo musavutike kukwera mapiri a ku Moji kukamvetsera pamakonde.

A Isogai amaimbabe foni pakapita miyezi. Ndinawafunsira kwa mwini wake, ndipo yankho ndi lakuti apongozi akadzatsogola, tidzakambirane. Agogowo ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi ndi zinayi, ndipo dzulo, a Genzo ali kumeneko kukonza mapaipi, anawaona akuitanitsa mbale yachiwiri ya mpunga.